ZA BOMA KUMUDZI: Penshoni Iribe Msonkho, Koma Mau Amenewa Ali ndi Malire Ace

Caka ciri conse, Nduna ya za Cuma ikatha kuwerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo ku Lusaka, mau ace amayenda ulendo wautali asanafike kwa anthu opuma pa nchito amene akhala m'midzi ya ku Chadiza, Katete, Petauke, Nyimba ndi Lundazi. Nduna imalankhula m'Cingelezi, wailesi imafupikitsa, wa pa basi amauza wa pa cigayo, wa pa cigayo nauza wa ku dimba. Pofika kwa mwini nkhani, uthenga umakhala utaduka pakati. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo pa nkhani ya msonkho ndi penshoni mwambi uwu wapherezera kawiri-kawiri.

M'midzi mumamveka mau a mitundu iwiri. Ena amati Boma limadula msonkho pa ndalama za wopuma pa nchito, kotero kuti munthu ayenera kuyamba walipira kanthu asanalandire zace. Ena amati munthu akangopuma pa nchito, dzina lace lafafanizidwa m'mabuku onse a msonkho kufikira tsiku la imfa yace. Mau onse awiri ndi olakwa, ndipo onse awiri atayitsa anthu ndalama zimene anazigwirira nchito zaka zambiri. Sabata ino danga lino lifotokoza cimene lamulo linena, pamene ufulu wosakhoma msonkho uyambira ndi pamene uthera.

MANTHA A MSONKHO NDI AKALE

Si cinthu codabwitsa kuti nkhalamba ya m'Cigawo ca Kum'mawa ikamva liu lakuti msonkho mtima umagunda. Pa ciyambi ca zaka za m'ma 1900, kampani ya British South Africa imene inali kulamulira ciri ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, inaika msonkho wa nyumba. Msonkhowo unali kufunika m'ndalama, pamene anthu cuma cao cinali m'nkhokwe ndi m'makola. Cifukwa ca ici amuna ambiri anasiya mabanja ao nayenda pansi kunka ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Mesenjala akaoneka m'mudzi, wopanda citupa ca msonkho anali kuthawira ku thengo.

Masiku amenewo anapita, koma mantha ace anatsala. Munthu woopa safunsa, ndipo wosafunsa ndiye amene akuba amamkonda. Cotero nkofunika kuti banja liri lonse limene liri ndi kholo lopuma pa nchito lidziwe bwino mbiri ya ndalama zimenezi ndi lamulo lozicinjiriza.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linakhazikitsa thumba la Zambia National Provident Fund mu 1966, kuti anchito azisungirako kanthu mwezi ndi mwezi. Thumbalo linali kupereka ndalama zonse pa nthawi imodzi. Koma mitengo ya zinthu itakwera koopsa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ambiri anapeza kuti ndalama zimene anasunga moyo wao wonse zinali kutha m'miyezi yowerengeka. Ndico cifukwa cace mu 1996 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano, ndipo bungwe la NAPSA linayamba nchito pa 1 Febuluwale 2000. Dongosolo linali lakuti wanchito apereke K5 pa K100 iri yonse ya malipiro ace, womlemba nchito naye aonjezepo K5, ndipo amene wapereka miyezi 180, ndiye kuti zaka 15, azilandira penshoni mwezi ndi mwezi akafika msinkhu wopumira.

Kupatula NAPSA, alipo matumba ena. Anchito a Boma amene analembedwa caka ca 2000 cisanafike, monga aphunzitsi ndi anamwino akale, ali pansi pa Public Service Pensions Fund. Anchito akale a m'makhonsolo ali pansi pa Local Authorities Superannuation Fund. Makampani ena ali ndi matumba ao-ao. Matumba ndi ambiri, koma lamulo la msonkho pa penshoni ndi limodzi kwa onse.

KALE MSONKHO UNALIPO NDITHU

Amene amati Boma limadula msonkho pa ndalama za wopuma pa nchito sananame dala ai. Akukumbuka zimene zinali kucitika kale. Kufikira caka ca 2015, munthu akalandira ndalama zace zotsiriza kwa womlemba nchito, K35,000 yoyamba inali yopanda msonkho, koma pa zotsalazo anali kudula K10 pa K100 iri yonse.

Mwacitsanzo, munthu amene anayenera kulandira K135,000 mu 2015 anali kucita motere: K35,000 inali kupatulidwa, ndipo pa K100,000 yotsala msonkho unali K10,000. Kunyumba anali kufika ndi K125,000. Amene anapuma m'zaka zimenezo anaona msonkho uwu ndi maso ao pa pepala, ndipo ndiwo amene mpaka lero amacenjeza ang'ono ao kuti akonzekere kudulidwa. Cenjezo lao ndi la mtima wabwino, koma lamulo linasintha.

LAMULO LA 5 JANUWALE 2016

Pa 5 Januwale 2016, ku bwalo la Heroes mu Lusaka, Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, malemu Bambo Edgar Lungu, anasaina kusintha kwa Malamulo Akulu a Dziko. M'kusinthako munalowa ndime zitatu zimene wopuma pa nchito ali yense ayenera kuzisunga pamtima monga asungira nambala ya reji yace.

Ndime 187 inena kuti wanchito ali ndi ufulu wolandira penshoni, ndi kuti penshoniyo isamanidwe kapena kusinthidwa mompweteka mwini wace. Ndime 188 inena kuti penshoni iziunikidwanso nthawi ndi nthawi, ndipo inena poyera kuti penshoni isakhomedwe msonkho. Ndime 189 inena kuti penshoni iziperekedwa msanga ndi mosadumphitsa, ndi kuti ngati munthu sanapatsidwe ndalama zace pa tsiku lace lotsiriza, aleke nchito koma dzina lace likhalebe pa mndandanda wa malipiro kufikira atapatsidwa.

Ndime ina, ya 266, imasulira liu lakuti penshoni. Liu limeneli silitanthauza ndalama za mwezi ndi mwezi zokha ai. Liphatikizanso cipepeso, ndalama zimene munthu alandira pakutha kwa pangano lace la nchito zimene ambiri amazicha gratuity, ndi ndalama zina zofanana nazo zoperekedwa cifukwa ca zaka zimene munthu anatumikira. Tsono munthu uja wa K135,000, akadapuma pambuyo pa tsiku limeneli, akadafika kunyumba ndi K135,000 yathunthu.

Pali cinthu cimodzi cimene ciyenera kumveka bwino. Ufulu umenewu sunalembedwe m'bajeti, imene imasintha caka ndi caka. Unalembedwa m'Malamulo Akulu, amene ali pamwamba pa malamulo ena onse. Nduna ya za Cuma siingathe kuucotsa ndi mau a pa tsiku la bajeti, ndipo a Zambia Revenue Authority, bungwe lotolera misonkho limene linayamba mu 1994, sangathe kuucotsa ndi kalata. Kuti ndime yotere isinthe, pafunika magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu onse a Nyumba ya Malamulo abvomereze, ndipo nkhani yotero siicitika mobisa. Cotero mphekesera zimene zimabuka bajeti ikangowerengedwa, zakuti msonkho wa penshoni wabweranso, ziyenera kuyesedwa ndi funso limodzi: kodi ndime 188 yasinthidwa liti?

Ncoonadi kuti anthu ambiri opuma pa nchito akhala akudikira ndalama zao zaka, ena mpaka kumwalira asanazione. Bvuto limeneli ndi lalikulu, ndipo ndilo limene ndime 189 inalembedwera. Koma kucedwa kwa ndalama si msonkho. Amene ndalama zace zacedwa ali ndi ufulu wodandaula ku thumba lace, kwa womlemba nchito ndi ku ofesi ya za nchito ya m'boma lace. Sayenera kulipira munthu ali yense kuti ndalamazo zifulumire.

PAMENE UFULU UTHERA

Mbali yaciwiri ya uthenga ndiyo imene imatayika m'njira. Lamulo linamasula penshoni; silinamasule munthu. Ndalama ya penshoni ikabala inzace, yobadwayo iri ndi lamulo lace. Ndiponso si ndalama zonse zimene munthu alandira pa tsiku lotsazika zimene ziri penshoni.

Coyamba, malipiro a mwezi wotsiriza ndi ndalama zogulira masiku a chuthi amene munthu sanapume ndi malipiro wamba, ndipo amadulidwa msonkho monga mwa masiku onse. Mu 2018 Khoti la za Malamulo Akulu linagamula kuti ndalama za masiku a chuthi siziri m'gulu la penshoni. Cifukwa ca ici, munthu akaona msonkho pa pepala lace lotsiriza asathamangire kunena kuti waberedwa. Apemphe kuti amlembere ndalama iri yonse pa mzere wace: penshoni kapena gratuity payokha, chuthi payokha, malipiro payokha. Msonkho ukaoneka pa mzere wa chuthi, ndi lamulo. Ukaoneka pa mzere wa penshoni, pamenepo pali mlandu wofunika kufunsa.

Caciwiri, ambiri akapuma amalowanso nchito yina, wina kuphunzitsa pa sukulu ya mishoni, wina ulonda, wina ukalaliki pa kampani yogula thonje kapena fodya. Malipiro a nchito yatsopanoyo amakhomedwa msonkho wa PAYE monga a munthu wina ali yense. Msinkhu sucotsa msonkho umenewu. Cimene cimaucotsa ndi kucepa kwa malipiro. Malire a malipiro osakhomedwa anali K4,500 pa mwezi mu 2022, anakwera kufika K4,800 mu 2023, ndipo Nduna ya za Cuma, Dr Situmbeko Musokotwane, powerenga bajeti mu Seputembala 2023 anawakweza kufika K5,100 kuyambira Januwale 2024. Monga mwa mawerengedwe a 2024, wolandira K7,100 pa mwezi anali kumasulidwa pa K5,100, ndipo pa K2,000 yotsala anali kudulidwa K20 pa K100, ndiye kuti K400. Penshoni yace siinali kuphatikizidwa m'kuwerengako.

Cacitatu, amene atenga penshoni nagula cigayo, natsegula golosale, kapena nayamba kugula ndi kugulitsa nshawa ndi soya, walowa m'malonda. Malonda ang'ono ali ndi msonkho wao wowerengedwa pa ndalama zonse zolowa, osati pa phindu lokha. Msonkho umenewu unali K4 pa K100 mu 2024, ndipo unakwera kufika K5 pa K100 mu 2025. Alipo malire a pansi, kotero kuti wa malonda ocepetsetsa sakhudzidwa, koma malirewo ayenera kufunsidwa ku ofesi ya misonkho, osati kwa mnansi. Mwini cigayo amene akana kulembetsa, namati cigayo cace cinagulidwa ndi penshoni, adzapeza ngongole ya msonkho itaunjikana pamodzi ndi cilango cace. Ndalama za laisensi ndi za pamsika zimene khonsolo imatolera nazonso sizisiya munthu cifukwa ca imvi.

Cacinai, nyumba yobwereketsa. Anchito ambiri a m'migodi ndi a Boma anagula nyumba zimene anali kukhalamo pamene zinagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo pobwerera kumudzi anasiyamo anthu a lendi ku Kitwe, ku Kabwe kapena ku Lusaka. Ndalama za lendi ziri ndi msonkho. Mu 2022 lamulo linasintha kotero kuti udindo wolipira unaikidwa pa mwini nyumba, ndipo wa nyumba zazing'ono anaikiridwa K4 pa K100. Kukhala kutali ku Vubwi kapena ku Mambwe sikucotsa udindo umenewu.

Cacisanu, amene agulitsa nyumba kapena malo okhala ndi cikalata ca umwini amalipira msonkho wosinthira dzina, ndipo wolipira ndi wogulitsa. Msonkho uwu unali K5 pa K100 mu 2024, nukwera kufika K8 pa K100 mu 2025. Munthu wofuna kugulitsa nyumba ya m'tauni kuti amange kumudzi awerengere ndalama imeneyi asanagwirizane mtengo ndi wogula. Comweconso amene abwereketsa penshoni yace ku Boma pogula mapepala a ngongole ku banki, adziwe kuti ciongoladzanja cace cimadulidwa msonkho cisanamfike.

Cotsiriza, ulipo msonkho umene munthu ali yense amalipira osaona. Msonkho wa VAT, umene unayamba mu 1995 ndi kuikidwa pa K16 pa K100 mu 2008, uli kale m'kati mwa mtengo wa katundu wambiri wa m'sitolo monga malata ndi simenti. Kuyambira mu 2024 palinso kandalama kamene kamadulidwa munthu akatumiza ndalama kwa mnzace pa foni. Wopuma pa nchito akaona kandalama kameneka katacoka, adziwe kuti ndi ka kutumiza, si ka penshoni.

ZA K20 PA K100 YA NAPSA

Nkhani yina imene inasokoneza anthu ndi ya 2023. Pa 17 Epulo caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko Bambo Hakainde Hichilema anasaina lamulo lolola membala wa NAPSA kutapa K20 pa K100 iri yonse ya ndalama zace asanapume pa nchito. Lamulolo linaloleza amene anali atapereka miyezi 60, kapena amene anali atafika zaka 45, ndipo kutapako kunali kwa kamodzi kokha. Anthu zikwi zambiri anatapa, ena namanga nyumba, ena nalipira sukulu ya ana, enanso nadya.

Cimene ambiri sanamve bwino ndi cakuti ndalamazo sizinali mphatso. Zinacokera m'nkhokwe ya mwini wace. Wotapa cimanga m'nkhokwe mwezi wa Okutobala asadabwe kuipeza yocepa mwezi wa Febuluwale. Cotero amene anatapa, pa tsiku lopuma adzapeza penshoni yace yocepa kuposa ya mnzace amene sanatape. Kucepako asakuche msonkho, ndipo asalole munthu kumnamiza kuti angathe kumbwezera ndalama imene Boma linadula.

Msinkhu wopumira nao uyenera kumveka. Lamulo la 2015 linaika zaka 55 kukhala za kupuma msanga, 60 kupuma kwa masiku onse, ndi 65 kupuma mocedwa. Amene afika msinkhu koma sanakwanitse miyezi 180 amapatsidwa ndalama zace pa nthawi imodzi. Ndalama zonse ziwiri, za mwezi ndi mwezi ndi za nthawi imodzi, ziri pansi pa citetezo ca ndime 188. Ndiponso amene anagwira nchito caka ca 2000 cisanafike angakhale ali ndi ndalama m'thumba lakale la Provident Fund, zimene zinasiyidwa m'manja mwa NAPSA. Ambiri anaiwala, ndipo nkoyenera kukafunsa atatenga reji ndi nambala yao yakale.

AKAZI AMASIYE NDI ANA

Mwini penshoni akamwalira, nkhani siithera pamanda. NAPSA imapereka penshoni kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, ndi kwa ana osafika zaka 18, kapena osafika zaka 25 ngati ali pa sukulu. Pano ndi pamene cinyengo cimaculuka, cifukwa mai wamasiye kawiri-kawiri sadziwa kuculuka kwa ndalama za mwamuna wace. Wacibale amene anatumidwa ku Boma amabwera ndi theka, nanena kuti linalo ladyedwa ndi msonkho. Mai wotere ali ndi ufulu woona pepala ndi maso ace, kapena kuliwerengetsa kwa mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo amene amkhulupirira. Lamulo la 1989 la cuma ca masiye linaletsa kulanda katundu wa amasiye, ndipo wobisa ndalama za amasiye m'dzina la msonkho ndi wolanda monga wonyamula mbale ndi mipando.

ACIFWAMBA A PA FONI

Kumene uthenga ufika woduka, akuba amafika athunthu. Njira yao ndi yodziwika. Amaimba foni kapena kutumiza uthenga, nadzicha anchito a NAPSA kapena a misonkho. Amati ndalama zatuluka, koma kuti zifike payenera kutumizidwa kaye ndalama ya msonkho pa nambala yakuti-yakuti. Ena amapempha nambala ya cinsinsi ya foni kapena ya khadi la ku banki. Nkhalamba imene yadikira zaka zitatu imagulitsa mbuzi tsiku lomwelo, ndipo pofika mawa foni ija yazimitsidwa.

Mfundo zitatu zingathe kupulumutsa banja. Yoyamba, penshoni iribe msonkho, cotero ali yense wopempha msonkho wa penshoni ndi wakuba. Yaciwiri, ngakhale pamene msonkho ulipo, monga pa malipiro a chuthi, umadulidwa ndi wolemba nchito ndalama zisanaperekedwe. Suutumizidwa pa foni ya munthu. Yacitatu, mafomu opemphera penshoni saagulitsa, ndipo palibe wanchito wa Boma amene ali ndi cifukwa cofunsira nambala ya cinsinsi ya munthu. Wolandira uthenga wotere akanene ku polisi asanatumize ngakhale ngwee imodzi.

Ena amacita mantha a ku banki akawapempha nambala ya TPIN potsegula buku. Nambalayi imaperekedwa ndi a misonkho kwaulere, ndipo nchito yace ndi kuzindikiritsa munthu monga icitira reji. Kukhala nayo sikutanthauza kuti penshoni idzayamba kudulidwa. Amene akana kutsegula buku la ku banki poopa TPIN, nasunga ndalama zace m'citini pansi pa mphasa, wathawa msonkho umene kulibe nadzipereka kwa ciswe, moto ndi mbala.

MMENE UTHENGA WA BOMA UMAYENDERA

Kudziwa nyengo ya bajeti kumathandiza kusiyanitsa coona ndi mphekesera. Malamulo Akulu anena kuti Nduna ipereke bajeti patatsala miyezi itatu caka catsopano cisanayambe, ndico cifukwa cace kawiri-kawiri imawerengedwa ca kumapeto kwa Seputembala. M'caka ca masankho imacedwerako. Zimene Nduna inena pa tsikulo ndi maganizo a Boma, sizinakhale lamulo. Aphungu amayamba akambirana, lamulo lipangidwa, Mtsogoleri wa dziko asaina, ndipo zambiri zimayamba kugwira nchito pa 1 Januwale. Pambuyo pace a misonkho amatulutsa cikalata cofotokoza zonse zimene zasintha. Munthu wouza anzace mu Okutobala kuti msonkho watsopano wayamba kale wathamangira kutsogolo kwa ng'oma.

Apa pali nchito imene akulu-akulu a maofesi ayenera kuilimbikira. Zikalata zambiri zofotokoza misonkho zimalembedwa m'Cingelezi ndi kuikidwa pa intaneti, kumene nkhalamba ya kumudzi siifikako. Uthenga umene ufika pa wailesi ndi waufupi: penshoni iribe msonkho. Mauwo ndi oona, koma akanenedwa okha amabala cikhulupiriro cakuti cigayo ndi nyumba ya lendi nazonso zamasulidwa. Uthenga uyenera kunenedwa wathunthu, mbali zonse ziwiri pamodzi, m'Cinyanja comveka. Wailesi ya ZNBC iri ndi nthawi ya Cinyanja, ndipo m'cigawo muno muli mawailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata ndi Chikaya ku Lundazi. Anchito a NAPSA ndi a misonkho akamakhala pa mawailesi amenewa kuyankha mafunso bajeti ikangotha, ndi kubwerezanso mu Januwale, mphekesera zidzasowa pokhala. Mphini yobwereza ndiyo imawala.

Mafumu, anyakwawa, makhansala ndi atsogoleri a mipingo nao ali ndi mbali yao. Pa misonkhano ya feteleza ndi ya makopaletivu pamasonkhana anthu ambiri amene anagwirapo nchito m'tauni. Mphindi zocepa zowerenga ndime zitatu zija pa msonkhano wotere zingapulumutse mbuzi ndi ng'ombe zambiri. Olemba anthu nchito nao asadikire tsiku la phwando lotsazika. Wanchito ayenera kuuzidwa miyezi ingapo asanapume za ndalama zimene zidzadulidwa ndi zimene sizidzadulidwa.

ZOYENERA KUSUNGA NDI KUCITA

Wopuma pa nchito, kapena amene watsala pang'ono kupuma, asunge pamalo amodzi osafika madzi zinthu izi: reji, nambala ya NAPSA kapena ya thumba lace, kalata yomlemba nchito, kalata yompumitsa, mapepala a malipiro a miyezi yotsiriza, ndi pepala loonetsa mmene ndalama zace zotsiriza zinawerengedwera. Mkazi kapena mwamuna wace adziwe pamene mapepalawo ali, ndipo maina a ana alembetsedwe ku thumba mwini wace akali moyo.

Amene apeza kuti penshoni kapena gratuity yace inadulidwa msonkho pambuyo pa 5 Januwale 2016, ayambe wafunsa kwa amene anamlemba nchito kuti amfotokozere molemba. Akapanda kukhutira, apite ndi mapepala ace ku ofesi ya misonkho ku Chipata, pakuti lamulo limalola kubweza msonkho wodulidwa molakwa, ngakhale kuti pempho lotere liri ndi nthawi yace ndipo siliyenera kugonekedwa. Amene ayamba malonda kapena ali ndi nyumba ya lendi apite yekha kukalembetsa asanafunidwe, ndipo azisunga kabuku kolembamo ndalama zolowa tsiku ndi tsiku.

Ana ophunzira amene ali m'tauni athandize makolo ao kuwerenga zikalata, koma ku ofesi mwini wace apite yekha kapena aperekezedwe, kuti amve ndi makutu ace. Ndalama ya basi yopita ku Chipata ndi yocepa poyerekeza ndi penshoni ya zaka 30. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo maofesi a NAPSA, a misonkho ndi a za nchito anaikidwa kuti anthu azifunsa kwaulere.